Phunziro: Za Kukonza Bafa m'Nyumba ya Lendi

Abale, ambiri a ife tiri ndi ana amene anacoka kumudzi, nakhala m'nyumba za lendi pa boma la Ntcheu, ku Lizulu kapena ku Tsangano. M'nyumba zotere malo oyamba kuonongeka ndiwo bafa. Simenti ya pansi ikumbika, ming'alu ioneka, ndipo madzi aima m'maenje. Wokhalamo ati, Nyumbayi si yanga. Mwini wace ati, Sindisambamo ine. Motero bafa likhala lopanda mbuye.

Koma wosauka nalo ndiye wokhalamo. M'caka ca 1897 dotolo Ronald Ross anaona ku India kuti malungo ayenda ndi udzudzu, ndipo udzudzu uswana m'madzi oima. Ndiponso ndere yomera pa simenti igwetsa nkhalamba ndi akazi apakati. Cifukwa cace tiphunzire makonzedwe ace.

1. Kupangana. Tisakhudze kanthu tisanaonane ndi mwini nyumba. Adze aone yekha, ndipo tipangane adzagula simenti ndani. Ngati tigula ife, zidziwike ndarama zimene adzacotsa pa lendi. Mau amenewa alembedwe pamaso pa mboni ziwiri, pakuti a pakamwa aiwalika tsiku losamuka, ndipo mpamene pabuka milandu.

2. Kukonza pansi. Ambiri angomata simenti pamwamba pa litsiro la sopo, ndipo mwezi usanathe ikanganuka ngati nkhoko m'mphika. Ife tigogode ponse ndi nyundo. Pomveka ngati ng'oma tiswe ndi kucotsa; polimba tigome pang'ono kuti pakhale pokhakhala. Tikatero titsuke bwino, ndi kunyowetsapo usiku wonse.

3. Kusanganiza. Pa cidebe cimodzi ca simenti tiike zidebe zitatu za mcenga wa kumtsinje, monga wa ku Livulezi kapena Rivirivi, wosefa ndi wopanda dothi. Madzi acepe, kuti cosanganizaco cikhale colimba ngati nsima, cosati ngati phala. Ticiyale kucindikira zala ziwiri, mopendekera ku ciboo coturukira madzi, ndipo tisasalaze kwambiri, pangaterere. Kunja tikumbe dzenje ndi kulidzaza miyala, madzi alowe pansi.

4. Kudikira. Apa mpamene ambiri alakwa. Simenti siuma monga dothi lozira nyumba, koma ilimba ndi kumwa madzi. Tiiphimbe ndi masaka onyowa, ndi kuthirira m'mawa ndi madzulo masiku 7. Mphamvu yace idzakwanira pofika masiku 28. Ku cigwa ca Bwanje dzuwa la Okutobala liing'amba msanga ikasowa madzi, ndipo ku Tsangano cisanu ca Juni ndi Julayi ciicedwetsa kulimba. Sabata limenelo banja lipemphe posamba kwa anansi. Akulu anati, Kuona maso a nkhono nkudekha.

Nyumba zina ziri ndi bafa lacitsulo loyera. Kuyerako ndiko galasi losungunulidwa m'ng'anjo, ndipo utoto wamba sugwira pamenepo. Likaperepeseka tipale dzimbiri lonse, tiumitse, ndi kupaka utoto wocedwa epoxy, citseko ndi zenera ziri zotsegula. Tisalikwecenso ndi mcenga kapena phulusa.

Tiuze ana athu kuti ca mwini cibwezedwa cokoma. Wosiya nyumba yabwino mbiri yace imtsogolera kwa mwini nyumba wina.