Kutawasa mopyola muyeso si ukhondo



Kuno ku Karonga mwezi wa Okutobala kumatentha zedi, thukuta lokhalokha. Ine ndinkatawasa kangapo patsiku ndi sopo wonunkhira, mpaka mkati, poopa kuti Swala yanga siilandiridwa. Mapeto ake? Kuyabwa, kuwotcha, ndi fungo lomwe ndinkalithawa lija.

Namwino ndi amene ananditsegula maso. Mkati mwa njira ya amayi mumadziyeretsa mokha. Muli tizilombo tabwino toteteza, ndipo sopo, mandimu kapena zitsamba zimatipha, matenda n'kupeza mpata.

Panopa ndimatsuka kunja kokha ndi madzi oyera, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kenako ndimapukuta. Ndimavala panti wa thonje wouma bwino padzuwa. Chikazi choyera, chosanunkha, si matenda. Koma chikasintha mtundu, chikamanunkha kapena mukamamva kuyabwa, pitani kuchipatala, musachite manyazi.

Istinja imafuna kutsuka panja pomwe padetsedwa, basi. Maganizo oti "sindinayerebe" mutatsuka kale ndi manong'onong'o a Shaitwan, musawatsatire. Thupi ili ndi amana yochokera kwa Allah.

Uthengawu muuzeniko mng'ono wanu.