Mafunso ndi Mayankho: Musangodutsa pa Mangochi Boma

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Kasungu. Akuti banja lawo likufuna kukapuma ku Mangochi pa Khirisimasi, koma mnzawo wawauza kuti pa boma palibe nyanja. Bambo, n'zoona zimenezi?

KATSWIRI: Mnzanuyo sananame, mayi. Tauni ya Mangochi ili m'mbali mwa Shire, pamene mtsinjewu wangotuluka m'nyanja ya Malawi kulowera ku Malombe. Mchenga ndi mahotela mumaona pa zithunzi aja ali mumsewu wa ku Monkey Bay, cha ku Nkopola ndi Makokola. N'chifukwa chake ambiri amangoima pa boma kuthira mafuta, basi ulendo. Zimandidandaulitsa, chifukwa pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali zinthu zoti ana anu akadziwonere ndi maso, osati kungowerenga m'buku la sukulu.

WOULUTSA: Mwatifikitsa pa kalata yachiwiri. Mnyamata wa Fomu 3 wa ku Mulanje akufunsa kuti dzina lakale la tauniyi loti Fort Johnston linachokera kuti, nanga mfuti yaikulu ili pa raundabauti ija inali ya ndani.

KATSWIRI: Funso labwino, mwana wanga. Mu 1891 Harry Johnston, yemwe ankatsogolera boma la atsamunda, anamanga linga pafupi ndi mudzi wa Mfumu Mponda. Apa m'pamene pankawolokera anthu a malonda a minyanga ndi akapolo popita kugombe la nyanja yamchere, ndiye wogwira doko limeneli ndiye anali mwini njira. Lingalo linatenga dzina la Johnston. Nsanja ya wotchi ili pa raundabautiyo inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria.

Tsono za mfutiyo. Inali pa sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Gwendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Kaputeni Rhoades anapita nayo ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuwombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda, akuikonza. Nkhani imati kaputeni wa Chijeremani, amene anali mnzake wa Rhoades, anapalasa bwato ali wolusa kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Uthenga woti kwabuka nkhondo unali usanamufike. Tangoganizani!

Pambali pa mfutiyo pali chikumbutso china chomwe anthu sachilabadira: cha sitima ya Vipya, yomwe inamira kumpoto kwa nyanja mu Julaye 1946, n'kupha anthu 145. Mukachoka apo muloweko mu Lake Malawi Museum. Ndi kanyumba kochepa, koma mukaonamo za sitima zakalezo ndi zipangizo za asodzi.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, koma tiyankhe bambo wina wa ku Dedza. Akuti kodi angasambe mu Shire pa boma pomwepo? Nanga chambo chikupezekabe?

KATSWIRI: Kusamba ayi, bambo. Muli ng'ona ndi mvuu, ndipo m'madzi odekha a m'mabango mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Musatengere ana a komweko amene muwaone akusewera padoko. Inu imani pa mlatho madzulo kutentha kukachepa, muziona mabwato ndi migwalangwa, kapena mukwere kabaza akuzungulitseni kumsika.

Chambo chilipo koma chakwera mtengo, chifukwa ku Malombe chinachepa kwambiri kaamba ka makoka a maso ang'onoang'ono. Mukapeza wina akukutsatsani tiana ta chambo, musagule. Kumbukiraninso kuti anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, choncho zovala zosambira zikhale za kugombe, osati zoyendera mumsika. Ngati muli ndi tsiku lina, pitirirani ku Cape Maclear, komwe amishoni a Livingstonia anayambira mu 1875 asanasamukire ku Bandawe. Manda awo alipobe.

WOULUTSA: Omvera, pitirizani kutilembera. Makalata otsala tidzawerenga sabata yamawa.