Chimbudzi Chikadzadza: Kapopedwe Kaukhondo Koteteza Banja Lanu

Ku Ndirande, Mbayani ndi Bangwe mumzinda wa Blantyre, ku Mgona, Mtandire ndi Chinsapo ku Lilongwe, ngakhalenso ku Chibavi ndi Chiputula ku Mzuzu, mabanja angapo amalowa chimbudzi chimodzi. Chikadzadza, malo okumbapo china sapezeka, ndipo galimoto yopopa imalephera kufika chifukwa cha kuchepa kwa tinjira. Pamenepo ena amaboola dzenje m'mbali nthawi ya mvula kuti zonyansa zikokoloke, ena amalemba munthu waganyu woti azitapa ndi ndowa usiku n'kukataya kumtsinje. Njira ziwiri zonsezi zimabweretsa matenda pakhomo panu ndi pa anansi anu.

Kuyambira mu Malichi 2022, kolera inafalikira m'maboma onse a dziko lino ndipo inapha anthu oposa 1,700. Matendawa amayenda ndi chimbudzi cha munthu chikalowa m'madzi akumwa kapena m'chakudya. Tayifodi, kamwazi ndi njoka zam'mimba zimayendanso njira yomweyo. N'chifukwa chake kupopa chimbudzi ndi nkhani ya moyo wa banja lonse.

Pampu yopopa ndi manja

Pali pampu yotchedwa Gulper, yomwe inakonzedwa ndi akatswiri a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine n'kuyesedwa ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania. Ku Blantyre, bungwe la Water For People linaphunzitsa amalonda ang'onoang'ono kugwira nayo ntchito. Ndi paipi yaitali yokhala ndi chogwirira pamwamba, ndipo m'kati mwake muli mavavu awiri omwe amalola zonyansa kukwera koma osabwerera pansi. Wopopa amaima pamwamba, amalowetsa paipiyo pabowo la chimbudzi, n'kumakweza ndi kutsitsa chogwiriracho. Zonyansa zimatulukira m'ndowa, kenako amazikhuthulira m'migolo yotseka bwino.

Ubwino wake ndi wakuti siifuna magetsi kapena mafuta, imanyamulika pamapewa mpaka kuseri kwa nyumba, ndipo palibe munthu amene amalowa m'dzenje. Koma dziwani kuti siifika pansi penipeni pa dzenje lakuya, ndipo zouma zomwe zinagwirana pansi siizikoka. Opopa amathiramo madzi ndi kuvundula kuti zifewe. Choncho gwirizanani nawo za kuchuluka kwa migolo yomwe achotse ntchito isanayambe, kuti pasadzakhale mkangano.

Chimbudzi si dzala

Chomwe chimavutitsa opopa kwambiri ndi zinyalala. Matewera a ana, mapadi, nsanza, majumbo, mabotolo, zitsononkho ndi miyala zimatseka pampu. Opopa amayamba kaye kuziwedza ndi ngowe, ntchito imatalika, mtengo umakwera, ndipo zonyansa zimadonthera ponseponse. Zinyalalazi zimadzazitsanso dzenje msanga chifukwa siziwola.

M'chimbudzi muzilowa chimbudzi, mkodzo, madzi osambira m'manja ochepa ndi mapepala ofewa basi. Ikani chitini chokhala ndi chivindikiro pambali choponyamo zina zonse. Musathiremo parafini, oyilo wakutha kapena asidi wa m'mabatire. Zimenezi zimapha tizilombo tomwe timawoletsa zonyansa, zimawononga madzi a pansi pa nthaka ndiponso zimavulaza opopa.

Nthawi yoitana opopa

Musadikire kuti chisefukire. Zonyansa zikatsala theka la mita kuti zifike pasilabu, nthawi yakwana. Ndi bwino kupopetsa m'chilimwe, cha mu Seputembala kapena Okutobala, mvula isanagwe, pamene nthaka ili youma ndipo tinjira tikuyendeka. Uzani opopa ngati dzenje lanu ndi lomangira ndi njerwa kapena ayi. Dzenje losamangira likhoza kugumuka likapopedwa kwambiri, makamaka pa dothi lamchenga kapena lonyowa.

Eni nyumba ndi ochita lendi akhale pansi n'kugwirizana za ndalama. Kusonkha pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi n'kosavuta kusiyana ndi kufunafuna ndalama yonse tsiku lomwe chimbudzi chatsekedwa.

Funsani musanalembe munthu ntchito

Safunsa anadya phula. Funsani mafunso atatu awa:

1. Kodi akudziwika ku khonsolo ya mzinda?
2. Kodi ali ndi magolovesi, majombo, ovolosi ndi zotchinga pakamwa ndi pamphuno?
3. Kodi zonyansazo akakataya kuti?

Funso lachitatuli ndi lalikulu kuposa onse. Malo oyenera ndi omwe khonsolo inakhazikitsa, monga malo oyeretsera zonyansa a ku Zingwangwa ndi Manase ku Blantyre, a ku Kauma ku Lilongwe, ndi maiwe a ku Nkhorongo ku Mzuzu. Amene akutchula mtengo wotsika kwambiri n'kumafuna kubwera usiku, kawirikawiri amakataya m'ngalande kapena mumtsinje monga Mudi, Nasolo ndi Lingadzi. Kumunsi kwake kuli amayi akuchapa, ana akusambira ndi madimba a ndiwo zomwe mudzagule pamsika. Mwalipira ndinu, choncho muli ndi ufulu wodziwa komwe migoloyo yapita.

Tsiku lopopa

Ntchito ichitike masana, poyera. Ana, nkhuku ndi agalu akhale kutali. Vindikirani madzi akumwa ndi chakudya, chotsani mbale pathandala, ndipo musaphikire pafupi. Konzani njira yodutsa migolo, ndipo pomwe aikepo ndowa payalidwe pepala lapulasitiki.

Munthu asalowe m'dzenje ngakhale mutagwera foni kapena ndalama. M'menemo muli mpweya woipa womwe umakomola munthu mwadzidzidzi. Pafupi ndi bowo pasakhale moto kapena wosuta fodya.

Apatseni opopa madzi ndi sopo. Anthuwa amagwira ntchito yotchinjiriza mudzi wonse ku matenda, ndiye alandireni mwaulemu ndipo letsani ana kuwatchula mayina onyoza.

Akamaliza

Pomwe padonthera zonyansa pakokoledwe, dothilo litayidwe m'dzenje, ndipo pathiridwe madzi a kulorini kapena laimu. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu adzakuuzani kasungunulidwe ka kulorini. Musasiye podonthera kuti padziumira pokha, chifukwa mazira a njoka zam'mimba amakhala amoyo m'dothi kwa zaka, ndipo ana amasewera pansi pomwepo. Tsukani silabu, onani ngati sinang'ambike, tsekani ndi simenti paliponse pomwe anaboola, n'kubwezeretsa chivindikiro pabowo kuti ntchentche zisalowe. Pakhomo pa chimbudzi pakhale mpondagiya ndi sopo, ndipo aliyense asambe m'manja.

Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi kapena kusanza, m'patseni Thanzi ORS nthawi yomweyo ndipo thamangirani naye kuchipatala akumwabe m'njira. Ngati Thanzi palibe, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa, koma wofika msanga kuchipatala amachira.

Mukaona wina akutaya zonyansa mumtsinje kapena m'ngalande, kauzeni amfumu, alangizi a zaumoyo kapena akhonsolo. Lero lomwe, suzumirani m'chimbudzi chanu muone pomwe chafika, ndipo kambiranani ndi anzanu a pamalopo za tsiku lopopetsa mvula isanayambe.