Wovina Naye Ndimupeza Kuti? Mayankho a Mphunzitsi wa Magule a Latin

Makalata ambiri omwe anafika ku pulogalamu ya mafunso ndi mayankho sabata ino anali ndi dandaulo limodzi: nsapato zagulidwa, masitepe aphunziridwa, koma wovina naye sakuoneka. Mu situdiyo munali mayi wina, mphunzitsi wa magule a Latin, ndipo asanayankhe anakumbutsa omvera kuti pa mpikisano magulewa alipo asanu: cha-cha-cha ndi rumba ochokera ku Cuba, samba wa ku Brazil, paso doble wotsanzira masewera olimbana ndi nkhunzi a ku Spain, ndi jive, yemwe anaphuka pa magule a anthu akuda a ku America. Wovina naye ayenera kukwanitsa onse asanu.

Kalata yoyamba inachokera kwa mtsikana wokhala ku Johannesburg. Iye ndi wamtali, ndipo anyamata a m'kalasi mwake amamuzemba ati akavala nsapato zazitali amawaposa.

"Achemwali, musadzide nawo msinkhu wanuwo," anatero mphunzitsiyo. Anafotokoza kuti kusiyana kwa misinkhu kumavutitsa kwambiri pa waltz ndi tango, pomwe awiriwo amavina atagundana nthawi yonse. Pa Latin nthawi yambiri amagwirana dzanja limodzi kapena kutayana kumene. Chidendene cha nsapato ya mkazi chimakhala masentimita 6 mpaka 8, koma mwamuna nayenso amavala cha pafupifupi masentimita 4, choncho kusiyanako kumachepa. Choyenera kuyang'ana ndi miyendo: ngati wina akuponda patali, mnzake akuthamangira kuti amupeze, oweruza amaona msanga.

Mphunzitsiyo anakhalitsa pa kalata yachiwiri. Bambo wina wa ku Manchester analemba kuti wapeza mayi wofuna kuvina naye kudzera pa Facebook, koma sakudziwa poyambira. Yankho linali lakuti asalonjezane kanthu asanayesane, ndipo kuyesanako kuchitike pamaso pa mphunzitsi, m'holo yovinira, osati kunyumba.

"Bambo, yambani ndi rumba," anatero. Rumba imagunda ka 100 mpaka 108 pa mphindi, ndipo chifukwa choyenda pang'onopang'ono siibisa cholakwa. Sitepe yake imayambira pa kugunda kwachiwiri, osati koyamba, ndiye amene khutu lake silinakhwime amaonekera pomwepo. Kenako aike jive, yomwe imagunda ka 168 mpaka 176 pa mphindi ndipo pa mpikisano imavinidwa pomaliza, miyendo italema kale. Apa m'pomwe munthu amadziwa ngati mnzakeyo ali ndi mpweya. Chachitatu n'kumvetsera dzanja: kodi akukankha, akukoka, kapena akuyankha? Kutsogolera pa gule kumachokera m'thupi lonse, osati m'mphamvu za mkono, ndipo mkazi wogwidwa ngati akukokedwa amatuluka phewa likuwawa.

Nyimbo ikatha, anapitiriza motero, awiriwo akhale pansi akambirane zomwe zimapasula magulu ambiri. Adzakumana masiku angati pa sabata? Ndalama za mphunzitsi, za holo, zolembetsera mpikisano ndi zoyendera adzagawana bwanji, poti diresi ya mkazi yokhala ndi timiyala tonyezimira imadula kuposa malaya a mwamuna? Nanga cholinga n'chiyani? Wina amangofuna kusangalala Loweruka madzulo, pomwe mnzake akulota za Blackpool, komwe mpikisano wotchuka wakhala ukuchitikira mu Empress Ballroom ku Winter Gardens kuyambira 1920. Onse awiri sakulakwa, koma sangayende limodzi. Anawalangizanso kufunsa za malamulo a zaka ndi magiredi, chifukwa mipikisano imagawa anthu motero, ndipo wosadziwa amatha kupezeka m'gulu lomwe silimuyenera.

Kalata yachitatu inaseketsa ngakhale wowulutsa. Mayi wina analemba kuti amuna awo savina, koma safunanso kuti akazi awo avine rumba ndi mwamuna wina, ati amayang'anana kwambiri m'maso.

Mphunzitsiyo sanawaseke bambowo. Anavomereza kuti rumba ndi gule wosonyeza chikondi, koma anati n'chimodzimodzi ndi sewero: pa paso doble mwamuna amakhala wolimbana ndi nkhunzi, mkazi n'kukhala nsalu yake, ndipo palibe amaganiza kuti m'holomo muli ng'ombe. Anatchula Oti Mabuse wa ku Pretoria, yemwe anapambana mpikisano wa pa BBC wa Strictly Come Dancing zaka ziwiri zotsatana, mu 2019 ndi Kelvin Fletcher, mu 2020 ndi Bill Bailey, ali pabanja ndi mwamuna wina. "Mayi, atengeni bambowo akaonere tsiku lophunzira," anatero. "Akaona thukuta, kuwerenga masitepe ndi kubwereza chinthu chimodzi mpaka kutopa, mtima ukhala m'malo."

Pa zopirirana anatchulanso akatswiri awiri a ku Britain, Donnie Burns ndi Gaynor Fairweather, omwe anatenga ukatswiri wa dziko lonse lapansi ka 14, komanso Bryan Watson wobadwira ku South Africa, yemwe ndi Carmen Vincelj anautenga ka 9 kuyambira 1999 mpaka 2007. Koma kusintha wovina naye kumachitikanso: Riccardo Cocchi wa ku Italy ndi Yulia Zagoruychenko wa ku Russia anayamba kuvina limodzi mu 2007, aliyense atavinapo kale ndi wina, ndipo ankaimira dziko la America.

Kalata yomaliza inali yaifupi: m'kalasi muli akazi okhaokha, titani? Mphunzitsiyo anati vutoli lili ponseponse ndipo njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi pro-am, pomwe wophunzira amalipira katswiri kuti avine naye pa mpikisano, ngakhale kuti imafuna thumba lolemera. Yachiwiri n'kuvina atsikana awiri, wina n'kutenga masitepe a mwamuna, monga amachitira ana ambiri ku Britain. Yachitatu n'kulowa mipikisano yovina munthu payekha, kwinaku akuuza aphunzitsi a masukulu oyandikana nawo msinkhu wake, giredi yake ndi masiku omwe amapezeka, chifukwa iwowo ndiwo amayamba kumva mnyamata akasiyana ndi wovina naye.