Munamutcha m'bale, lero mukudabwa chiyani?

Azakhali,

Chaka chilichonse pa Khrisimasi ine, amuna anga ndi ana timapita kunyanja ku Senga Bay, ndipo timafikira pahotela imodzimodzi. Pali bambo wina woperekera zakudya amene tinazolowerana naye kwambiri. Amadziwa tebulo lomwe timakonda, amakumbukira kuti ine chambo ndimadya chootcha osati chokazinga, ndipo ana anga amamuitana kuti amalume. Ndinkamutenga ngati m'bale. Ulendo wapitawu, tikuchokera kopereka moni kwa apongozi anga omwe amakhala kufupi ndi komweko, bamboyo ananditengera pambali n'kundipempha ndalama ya thumba limodzi la feteleza. Mtima unandiwawa. Kodi chikondi chonse chija ankafuna ndalama? Ndikuganiza zosintha hotela.

Wokhumudwa, Lilongwe

Mwana wanga,

Mukufuna ndinene kuti bamboyo ndi wadyera. Zimenezo sindinena.

Bwerezani kuwerenga kalata yanuyi. Mwandiuza zonse zomwe iye amadziwa za inu: tebulo lanu, chambo chanu, ana anu. Nanga inu mukudziwa chiyani za iye? Ali ndi ana angati? Amagona mudzi uti? Akaweruka usiku mbale zitatha, amapita kwawo wapansi kapena pa njinga? Zaka zonsezi ubale wakhala ukuyenda mbali imodzi, kuchoka kwa iye kubwera kwa inu. Tsiku loyamba lomwe wafuna kuti ubwerere kwa iye, mwayamba kusaka hotela ina.

Disembala kwa inu ndi tchuthi. Kwa mlimi ndi mwezi womwe chimanga chamera ndipo chikudikira feteleza, pomwe m'nkhokwe mwatsala pansi. Chichokereni Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, wolandira malipiro ochepa sanapumepo. Bilu ya chakudya chanu amabweretsa patebulo ndi iyeyo, ndipo kuwerenga amadziwa. Anadziwanso kuti mabwana ake atamva kuti wapempha mlendo, ntchito ikhoza kumuthera. Munthu wamkulu safika pamenepo mwachibwana. Anayamba wameza manyazi, n'kusankha inu chifukwa ndinu amene munauza ana anu kuti ndi malume awo.

Koma chomwe chandibaya ine si fetelezayo. Ndi mawu omwe mwangowadutsa mothamanga: “kopereka moni kwa apongozi.” Mayi amene anakuberekerani mwamuna ali pafupi pomwepo, inu mukugona masiku m'mbali mwa nyanja, iwo gawo lawo n'kukhala moni? Munalowa m'munda mwawo kuona ngati chimanga chawo chathiridwa? Munayang'ana denga ngati likudontha? Adzukulu amadziwa dzina la woperekera zakudya, koma nsima ya agogo awo anaidya liti?

Ndikuuzeni mosabisa: munakonda ubale wa pahotela chifukwa unalibe katundu. Kumeneko simutunga madzi, simukhala pamphasa, simuitanidwa pamaliro. Mumamwetuliridwa, n'kubweza kiyi, n'kumapita. Kwa apongozi kuli zosowa, ndiye mumakhalako pang'ono galimoto italoza kumsewu. Tsopano zosowa zakupezani komwe munathawira, ndipo n'zomwe zakupwetekani.

Sindikuti aliyense wopempha apatsidwe. Ndalama ndi yanu ndi amuna anu, ndipo mukambirane awiri. Ngati mulibe, muuzeni bamboyo mwaulemu kuti chaka chino simungathe. Adzamva, si mwana. Ngati muli nayo, perekani kamodzi ngati mphatso, amuna anu akudziwa, osati ngongole yoti muzikamukumbutsa akukuikirani mbale. Musakamunenere kwa mabwana ake. Musasinthenso hotela mwakachetechete ngati anakuberani. Ndipo thumba loyamba la feteleza lipite kwa apongozi. Chaka chamawa chotsaniko usiku umodzi pahotelapo mukagone kwawo, kapena muwatenge nawonso akadye chambo ndi adzukulu awo.

Mawu awa ndi anu nonse amene mumadzaza Mangochi, Cape Maclear ndi Nkhata Bay nyengo ya zikondwerero. Woyala bedi lanu, wochapa matawulo, mlonda wogona panja kuyang'anira galimoto yanu, onsewo asiya ana awo akudya Khrisimasi okha kuti inu musangalale. Alemekezeni, afunseni za kwawo, asiyireni kangachepe pochoka. Koma musamatche munthu m'bale ngati simuli okonzeka kumva mavuto ake, ndipo musadumphe khomo la makolo anu popita kukasaka abale kwina.

Ndine wanu,
Azakhali