Kukonzanso khitchini kwa Khwethemule: kusankha mmisiri ndi kogula zipangizo

Khitchini ya kwa Khwethemule ili ndi adani atatu: chinyontho, utsi ndi chiswe. Mvula ya ku Thyolo imagwa kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, ndipo ikangoti yadula, Juni ndi Julayi amabwera ndi chiperoni ndi mawawa ake. Nyengo yomweyi imene imaphukitsa tiyi ku Satemwa, Conforzi ndi Makwasa ndi imenenso imafufumitsa zitseko za makabati, kudetsa makoma ndi nkhungu, ndi kuumitsa simenti ili m'thumba. Posankha mmisiri ndi sitolo, funso lalikulu likhale loti ntchito yawo ndi katundu wawo zidzapirira adani atatuwa kapena ayi. Mtengo ubwere pambuyo pa funso limeneli.

Yambani ndi amene amaphika

Musanaitane mmisiri aliyense, khalani pansi ndi munthu amene amaphika m'nyumbamo tsiku ndi tsiku. Nthawi zambiri ndalama imachokera kwa bambo kapena kwa mwana amene ali ku Joni, koma amene amadziwa mbali imene mphepo imalowera, ndi pamene msana umayambira kupweteka potsuka mbale, ndi mayi. Iwo anene kuti azidzaphikira chiyani: nkhuni, makala, gasi kapena magetsi. Yankho limeneli ndi limene likuuzeni mtundu wa mmisiri amene mukumufuna. Wophikira nkhuni afunika womanga wodziwa chumuni ndi mazenera otulutsa utsi, ngakhale atakhala kuti wasiya mafuwa n'kugula Chitetezo mbaula. Bungwe la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse padziko lapansi, ndipo amene amavutika nawo kwambiri ndi amayi ndi ana. Khitchini yamatailosi owala koma yosatulutsa utsi ndi ndalama yotayidwa.

Amayiwo aimirire pamene sinki idzakhale, muyeze ndi tepi. Anthu ambiri amapeza bwino ndi tebulo lotalika masentimita 85 mpaka 90 kuchokera pansi, koma wovundula nsima mumphika waukulu amafuna poika mbaula potsikirapo ndithu, kuti mthiko uzigwira ndi mphamvu ya phewa. Lembani zonsezi papepala limodzi, ndi chojambula chake ngakhale chokhotakhota.

Ngati mukukhala m'nyumba ya kampani pa esiteti, musaboole khoma kapena kumanga chilichonse chokhazikika popanda chilolezo cholembedwa. Ntchito ikadzatha, khitchini simudzasenza. Kumeneko gulani zinthu zonyamulika basi.

Kaoneni ntchito imene yapyola dzinja

Mayina a amisiri savuta. Funsani kutchalitchi, kubanki mkhonde, kumsika wa Luchenza kapena wa Bvumbwe, mudzabwerako ndi mayina ambiri. Pa esiteti palinso akalipentala ndi mapulambala amene anagwira zaka zambiri akukonza nyumba za kampani, ndipo ena mwa iwo ntchito amaidziwa kwambiri. Koma amene akadali pantchito amapezeka Loweruka masana ndi Lamulungu lokha, kotero ntchito ya sabata ziwiri ikhoza kukutherani miyezi iwiri. Mgwirizane zimenezi poyambirira.

Sankhani atatu, ndipo aliyense mumupemphe kuti akuonetseni khitchini imene anamanga kale. Zithunzi za pa WhatsApp musazitenge ngati umboni, chifukwa chithunzi amajambula tsiku limene penti wangouma kumene, ndipo mwina sicha ntchito yake n'komwe. Pitani ndi mapazi anu kunyumba imene ntchito yake yapyola madzinja awiri. Mukafika, mutapereka moni ndi kupempha chilolezo kwa eni nyumba, gwadani mutsegule kabati ya pansi pa sinki. Lowetsani dzanja mpaka kukona, mukhudze thabwa la pansi. Ngati ndi lofufuma, likunyenyeka kapena likununkha chinyontho, ndiye kuti paipi inkadontha kapena mmisiriyo anaika bolodi losayenera malo a madzi. Gogodani matailosi ndi chala chopinda: lomata bwino limalira mogontha, pomwe lokhala ndi mphako pansi limalira ngati kang'oma, ndipo limenelo lidzasweka tsiku limene mtondo udzagwerepo. Kwezani maso kudenga muone mwaye. Ukakhala kuti wadetsa denga lonse mpaka mitanda, chumuni sichikoka. Kenako zungulirani kuseri muone kumene madzi a musinki amathera. Ngati akungotayikira patsinde pa khoma, mmisiriyo ndi wa kutsogolo kokha.

Mmisiri akapatuka pang'ono, funsani mayi a m'nyumbamo motsitsa mawu: "Amayi, bambowa anamaliza nthawi imene ananena? Chitaonongeka china, mutawaitana anabwera?" Funso lachiwirili ndi limene limasiyanitsa amisiri.

Za mapepala, musazinyoze komanso musazipembedze. Satifiketi ya TEVETA kapena ya mayeso a zaumisiri imasonyeza kuti munthu anaphunzira, koma m'midzi muno muli amisiri aluso amene anaphunzirira pamanja pa amalume awo. Ngati mukulemba kampani yomanga kuti itenge ntchito yonse, ionetse kuti inalembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga m'dziko muno. Pa magetsi pokha m'posanyengerera: wolumikiza mawaya akhale ndi chiphaso cha MERA. Chitofu cha magetsi chimafuna waya wakewake wokhuthala, kawirikawiri wa saizi ya 6 mm², wochokera pabokosi la magetsi, osati kulumikiza pa soketi ya wailesi. Mnyamata wa pamudzi amene "amadziwako za magetsi" akonze tochi, khitchini ayi.

Koteshoni ikhale pawiri

Uzani aliyense mwa atatuwo kuti alembe mtengo wa manja ake paokha, ndi mndandanda wa zipangizo paokha: matumba angati a simenti, malata angati ndi a geji yanji, matabwa a saizi yanji, mapaipi, misomali, mahinjesi. Amene wangotchula chiwerengero chimodzi pakamwa, n'kuti "zonse mundisiyire ine, bwana," mumuthokoze apite. Mukaika mapepala atatuwo pamodzi mudzaona zodabwitsa: wina walemba simenti yochuluka kawiri kuposa anzake, wina waiwaliratu dzenje la madzi oipa. Wotchipa kwambiri kawirikawiri amakhala kuti wasiya zina dala, ndipo adzazikumbukira khoma lili pakati, inu musakuthanso kubwerera.

Wachibale naye alembe koteshoni. Mlamu wanu akakhotetsa shelefu, kumuuza kuti aphwasule kumavuta kuposa kuuza mlendo, ndiye ndi bwino pepala lizikulankhulirani.

Kogula zipangizo

Langizo langa ndi loti zipangizo muzigula nokha, mmisiri akuperekezeni. Iye ali ndi diso lozindikira katundu, inu muli ndi chikwama. Mukamupatsa ndalama kuti akagule yekha, mwamuika pamayesero, chifukwa masitolo ena amapatsa amisiri kangachepe akawabweretsera kasitomala, ndipo lisiti likhoza kulembedwa mtengo wina.

Yerekezani mitengo ya ku hadiweya za pa boma pa Thyolo ndi ku Luchenza ndi ya ku Limbe, koma muwerengere ndi thiransipoti mpaka pakhomo panu. Simenti ndi malata zotchipa ku Limbe zimafika kwa Khwethemule zitakwera, makamaka ngati galimoto iyenera kusiya tala n'kulowa msewu wafumbi wa m'mapiri. Zinthu zing'onozing'ono zofuna kusankha, monga sinki, mipope, mahinjesi ndi matailosi, ku Limbe ndiye kuli mitundu yambiri. Zolemera gulani pafupi, kumene mukhoza kubweza chikakhala cholakwika. Funsani musanalipire: thailosi likafika losweka, kapena mpope ukakhala wodontha, amasintha? Ayankhe, ndipo alembe pa lisiti. Sitolo yokana kupereka lisiti yokhala ndi dzina lake ndi tsiku, ilambalaleni.

Pa simenti, thumba ndi la makilogalamu 50, ndipo likhale losatsegulidwa, lokhala ndi chizindikiro cha MBS ngati ndi yopangidwa konkuno. Likanikizeni ndi chibakera m'makona. Mukamva zibuma zolimba, yayamwa chinyontho ndipo mphamvu yake yachepa. Nambala 32.5 imakwanira pomangira njerwa ndi pulasitala, pomwe 42.5 ndi yamphamvu kuposerapo, yoyenera tebulo la konkire lonyamula sinki. Kuno simenti musaisunge miyezi. Igulidwe komalizira, ikhale pamatabwa, isagunde khoma.

Pa malata kumbukirani kuti nambala ikamakwera, lata likupyapyala: geji 28 ndi lokhuthala kuposa 30 kapena 32. Denga la khitchini limadyedwa ndi utsi kunsi ndi mvula kumwamba, choncho apa m'posaumira.

Makabati ndiwo amapusitsa anthu ambiri. Mabolodi a utuchi wopanikiza, okutidwa ndi pepala loterera, amaoneka bwino m'sitolo ku Blantyre, koma akangolawa madzi amafufuma ndipo sabwereranso. M'nyumba ya kuno, pansi pa sinki mangani ndi njerwa kapena mabuloko, pamwamba muike konkire ndi matailosi, ndipo matabwa akhale a zitseko ndi mashelefu a m'mwamba okha. Thabwa likhale louma. Bulugama wochekedwa dzana amapindika ndi kung'aluka akamauma, ndipo paini wosathira mankhwala ndi ndiwo ya chiswe. Mufunseni kalipentala kuti thabwalo lauma nthawi yaitali bwanji, mulinyamule nokha: laliwisi limalemera ndipo limazizira m'manja. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje, kanani. Mtengowu ndi wotetezedwa, ndipo mlandu wake udzakupezani inu amene mwaukhoma m'nyumba.

Palinso nkhani ya mitengo yosakhazikika. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zomangira zinakwera m'masiku ochepa, ndipo makoteshoni ambiri anasanduka mapepala wamba. Ngati ndalama ikubwera pang'onopang'ono, yambani kugula zosaonongeka: malata, sinki, mapaipi, matailosi. Matailosi gulani onse kamodzi, ndi bokosi limodzi lapadera, chifukwa mtundu womwewo mwina simudzaupezanso. Chizolowezi cholipira katundu n'kumusiya kusitolo kuti mudzatenge m'tsogolo chili ndi ngozi yake. Sitolo ikatsekedwa kapena mwini wake akasintha mawu, mumatsala ndi kapepala. Chimene mwalipira, nyamulani.

Pangano lilembedwe, ndalama itsatire ntchito

Tengani kope la sukulu. Lembani dzina la mmisiri, ntchito yonse imene agwire, mtengo, tsiku loyamba ndi lomaliza. Lembaninso tinthu timene timayambanitsa anthu: chakudya cha masana akuphika ndani, anyamata othandiza akulipira ndani, madzi akutunga ndani, zida monga wilibala ndi makwerero ndi za yani, zotsala zidzakhala za yani. Sayinani nonse awiri pamaso pa mboni, kaya nyakwawa kaya mkulu wa mpingo, ndipo aliyense ajambule tsambalo pafoni.

Malipiro agaweni m'zigawo zomangirira pa ntchito yooneka ndi maso, osati pa masiku. Pang'ono poyamba, china khoma ndi tebulo zikatha, china denga ndi mapaipi zikatha, ndipo gawo lomaliza, ngakhale limodzi mwa magawo khumi, lidikire mpaka mutaphikiramo sabata ziwiri. Mmisiri wofuna theka la ndalama asanagwire chipande kawirikawiri amakhala ndi ngongole ya ntchito ina, ndipo ndalama yanu ikamalizira nyumba ya eni. Kulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuli ndi ubwino woti uthenga umatsala. Mukapereka ndalama pamanja, asayine m'kope muja. Akadzabwera ndi nkhani ya maliro kapena mwana wodwala, thandizani monga munthu mnzanu ngati mungathe, koma mulembe kuti mwadula pa gawo liti.

Kwa amene muli ku Johannesburg kapena ku Lilongwe mukutumiza ndalama kumudzi: wosunga ndalama akhale wina, womanga akhale wina, ndipo gawo lililonse muzilipira mutaona vidiyo ya ntchitoyo, wachibale wanu ataima pomwepo.

Nthawi yake, ndi kulandira ntchito

Miyezi yabwino ndi Ogasiti mpaka Okutobala: chiperoni wapita, mvula sinayambe, misewu ikupitika, ndipo anthu sanatanganidwe ndi kuthyola tiyi ndi kumunda. Koma dzuwa la Okutobala limaumitsa konkire msanga, choncho azithiridwa madzi masiku osachepera 7. Mphamvu yake yonse imakwana pakatha masiku 28. Mmisiri wochotsa matabwa ochirikiza tebulo m'mawa mwake chifukwa akuwafuna kwina, muletseni.

Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anagwetsa nyumba zambiri ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, ndipo khitchini zapanja, zomangidwa ndi zidina popanda maziko enieni, sizinkalimba. Malo a kwa Khwethemule ndi otsetsereka. Onetsetsani kuti maziko akwera pamwamba pa nthaka, pulasitiki yotchinga chinyontho yayalidwa pansi pa khoma ndi pansi pa simenti, denga latuluka kunja mokwanira, ndipo kumtunda kwakumbidwa ngalande yopatutsa madzi.

Tsiku lolandira ntchito, musangoyang'ana ndi maso. Dzazani sinki, mutsegule madzi onse kamodzi, pansi mutayala nyuzipepala youma. Dontho lililonse lidzaonekera. Thirani ndowa ya madzi pansi muone ngati akuyenderera kukhomo kapena akudikha pakona. Kolezani moto ndi nkhuni zosauma bwino, mutseke chitseko pang'ono, muone kumene utsi ukupita. Wa gasi apake thovu la sopo polumikizira paipi, likatupa ndiye kuti pakutuluka mpweya. Silinda ikhale choimirira, pamalo opita mphepo cham'munsi, popeza gasi ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akatayika amadikha pansi. Tsegulani ndi kutseka chitseko cha kabati chilichonse. Zolakwika zonse zilembedwe m'kope, ndi tsiku limene adzakonze.

Zikavuta, yambani ndi mboni ija. Zikakanika, nkhani ipite kwa mfumu, ndipo ikakula, kubwalo la majisitireti pa boma pa Thyolo, mutanyamula kope, malisiti ndi mauthenga a pafoni. Dandaulo la katundu wachinyengo wa m'sitolo likhozanso kupita ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe lomva madandaulo a ogula.