CIFUKWA CACE MAPAZI A NKHALAMBA SAMVA MSANGA

Anzanga, m'mwezi wa June kuno ku Chitipa kumazizira kwambiri, makamaka ku mapiri a Misuku, ndipo nkhalamba sizicoka pamoto. Nthawi zina phazi limapsa mwini wace osamva msanga. Ana amaseka, ndipo ena amati nza ufiti. Ine ndifuna kukufotokozerani cifukwa cace ceniceni monga ndaphunzira m'Biology.

M'thupi mwathu muli mitsempha yonyamula mauthenga kucokera ku manja ndi mapazi kunka ku ubongo. Yambiri njokutidwa ndi cikuto cochedwa myelin, monga waya wa magetsi akutidwa ndi mphira. Dzinali analipereka Rudolf Virchow wa ku Germany m'caka ca 1854. Timaselo tochedwa Schwann ndito timakulunga cikutoci mozungulira mtsempha kambirimbiri, monga mai apinda mkeka. Mu mtsempha wokutidwa bwino uthenga utha kuthamanga mamita 120 pa sekondi imodzi, koma mu wopanda cikuto uyenda mita imodzi kapena awiri okha.

Cikutoci ncopangidwa ndi mafuta ndi mapuloteni. Puloteni yoposa zonse ichedwa P0, ndipo ndiyo pafupifupi theka la mapuloteni onse a m'cikutomo. Nchito yace ndiyo kumata mapindo aja kuti agwirane zolimba. Zinzace ndizo MBP ndi PMP22. Akatswiri poyesa makoswe okalamba anapeza kuti timaselo ta Schwann tayamba kupanga mapuloteni amenewa mocepa. Pamenepo mapindo amamasuka, cikuto cimaonongeka, ndipo uthenga umacedwa m'njira. Mwa anthu vutoli limayambira ku mapazi, popeza mitsempha ya kumeneko ndiyo yaitali koposa.

Ukalamba sitingauletse, koma ziripo zina zimene zimafulumiza kuonongekaku: nthenda ya shuga, kumwa mowa kwambiri, ndi kusowa vitamini B12 imene ipezeka mu nyama, mazira, mkaka ndi usipa.

Tsono tikapita kwathu pa chuthi, tiyeni tiyese madzi osamba a agogo ndi dzanja lathu asanapondemo. Tiwasunthire mpando kutali pang'ono ndi makala, ndipo madzulo tiyang'ane mapazi ao ngati pali cironda kapena munga. Tikapeza cironda cosapola, tiwaperekeze ku cipatala. Tisawaseke, anzanga, pakuti nafenso tiri pa ulendo womwewo.

Wophunzira wa Fomu 3